Kamkuwa ka pa Gogodela

Mfuti iyi inandipeza ili kale nkhalamba.
Amalume anaisiya pamodzi ndi ngongole ziwiri
ndi chitupa cha boma chokulunga m'pepala la shuga.
Kolozera kake kanathyoka chaka chimene Lutembwe anasefukira,
koma iwo ankangowomba mwa chizolowezi
monga dzanja lipeza pakamwa mumdima.
Ine dzanja lotero ndilibe.

Lachiwiri ndinaikulunga m'thumba la feteleza,
panjinga, kuchoka ku Chiparamba mpaka ku Kapata,
kuseri kwa ogulitsa malata
kumene Jailosi Mshanga amasula mbaula ndi mahinjesi.

Sanafunse za mfuti.
Anandigwira chibwano, nanditembenuzira kudzuwa.
Ili lakumanja layamba mtambo, anatero. Zaka zingati?
Ndinachotsapo zinayi. Anaseka.

Pachiguduli chakuda ndi girizi anayala zitatu.
Kamphanda kopapatiza, kodula ku khasu lakutha:
aka n'ka anyamata, oona nsabwe pamsana pa nkhwali.
Kawashala ka njinga, bowo lake ngati la singano:
aka n'ka masana, dzuwa likalowa umasuzumira mumtsuko.
Ndi mphanda yotakasuka ngati mpata wa mano a mlamu wanga,
yoyendera limodzi ndi kanjere ka mkuwa kutsogolo,
kochokera ku valavu ya chubu.

Nguluwe zako zimabwera nthawi yanji?
Ndinati mwezi ukafika pamutu pa msuku.
Ndiye ukuvutikiranji?

Koma mtima unali pa kabowo kaja.
Kanali kaudongo, kooneka ka anthu odziwa.
Ndinakatembenuza m'manja nthawi yaitali.
Iye akupemerera makala, osandiyang'ana n'komwe:
Diso siligwira zinthu zitatu, achimwene.
Mphanda, kanjere, nyama.
Ziwiri zimasanduka utsi.
Iwe gwira kanjere, zinazo uzikhulupirire.

Tinakayesa kudambo, pa chitseko chakale cha khola,
mapazi makumi anayi.
Wonga, kasanza, chipolopolo, go go go, fataki.
Utsi utapita, bala linali kumanzere chikhato chathunthu.
Anaigogoda mphanda kamodzi ndi kahamala,
mwaulemu, ngati ali pakhomo pa apongozi.
Lachiwiri linalowa pafupi ndi mfundo ya thabwa.
Makwacha zana ndi makumi asanu,
tambala adzatsatira tikakolola.

Usiku wachitatu ndili pansanja m'munda wa chinangwa,
udzudzu ukudya akakolo.
Mwezi unafika pa msuku.
Kumapeto kwa mizere kunamveka tswa, tswa,
kenako chinthu chakuda, chowerama, chikufukula.

Kamkuwa kanawala monga analonjezera Mshanga,
kali phee pakati pa mphanda ngati dzira m'chisa.
Kuseri kwake utsi wokhawokha.
Utsi wa msinkhu wa nguluwe.
Utsi wa msinkhu wa Zakeyo, mwana wa a Nkhuwa,
akagwada,
amene kwawo sikunafuke moto kuyambira Lamlungu.

Chala chinali kale pamalo pake.
Ndinachotsa diso pa mkuwa,
ndinatsegula onse awiri, labwino ndi la mtambo,
ndipo palibe linandiuza kanthu.

Ndinatsokomola.

Chinathawa.
Kaya ndi miyendo inayi kaya iwiri,
masamba a chinangwa anatseka pambuyo pake.

M'mawa sindinapite kukawerenga mapazi.
Ndinachotsa fataki, ndinakhala pakhonde
kupukuta kamkuwa ndi phulusa mpaka kanyezimire.
Esinati anaima ndi chidebe pamutu
kufunsa ngati ndalama za sopo zinathera pa kanthu aka,
ndi kuti nyama ili kuti.

Ndinati kamagwira ntchito.
Kamaoneka bwino kwambiri, ngakhale usiku.